Galamafoni ya Amalume ndi Mafuta a Nkhumba

Ndikukumbukira kuti ndili mwana ndinkakhulupirira kuti mafuta ndi mafuta basi. Kaya a m'chitini, kaya a m'botolo, kaya a pamsana pa nkhumba, kwa ine onsewo anali pachibale, mayi wawo mmodzi. Musaseke msanga, inu a mafoni otereretsa chala, chifukwa ndinali ndi umboni wanga. Bambo anga ankagwira ntchito m'fakitale ya tiyi kuseri kwa Chitakale, ndipo ntchito yawo inali yothira girizi m'makina. Madzulo alionse ankabwera kumalaini, nyumba za kampani zija zondondozana ngati mano a chipeso, ovolosi yawo ili noninoni, n'kukhala pakhonde n'kunena mawu amodzimodzi: "Makina ali ngati munthu. Ukawamana mafuta, amalira." Ine mawuwo ndinawameza osatafuna. Sukulu ndinalekezera panjira, koma phunziro limeneli lokha ndinalisunga bwino kuposa mathebulo, ndipo linangotsala pang'ono kuphetsa ukwati wa munthu.

M'nyumba mwathumo tinkakhala ndi amalume a Wedisoni, mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Iwo ankaperekera zakudya patebulo kunyumba kwa bwana wamkulu wa esiteti, ndipo bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira galamafoni. Kwa inu amene simunaionepo, linali bokosi lathabwa lokhala ndi chivindikiro, chopukusira m'mbali, ndi kamkono kachitsulo kokhala ndi singano. Ukapukusa n'kuikapo mbale yakuda ya nyimbo, bokosilo linkaimba lokha, popanda batire, popanda magetsi, popanda kupempha mayunitsi. Loweruka madzulo amalume ankaitulutsa pakhonde, atavala buluku lawo loyera, tsitsi atalipasula seda, ndipo malaini onse ankavina mpaka fumbi kulowa m'ndiwo.

Kutchuka kumeneku n'kumene kunawabweretsera tsoka. Amalume anakonda mtsikana wina wothyola tiyi, dzina lake Esinati, wa mudzi wina cha ku Milonde. Esinati analola, koma mayi ake anakana kwamtuwagalu. Kwathu kuno mwamuna ndiye amasamukira kumudzi kwa mkazi, n'kukalima munda wa apongozi, ndiye mayiwo ankayang'ana mkamwini monga mmene munthu amayang'anira khasu pamsika. Uthenga wawo unatipeza kumalaini wosachotsera kalikonse: "Mwamuna wa magule sapirira. Manja ake ndi osalala ngati a khanda. Chitedze chikadzamukhudza m'munda mwanga, adzathawira kwa azungu ake."

Atawabweza kangapo, analola tsiku limodzi loti amalume akaonekere. Amene anawapepesera anali malume ake a Esinati, mwinimbumba, bambo wokonda nyimbo amene ankafunitsitsa kumva bokosi loimba lija ndi makutu ake. Tonse tinkadziwa kuti tsikulo likaphonyeka ndiye kuti basi, pakuti telala wina wa pa Milonde anali atayamba kale kusokera mayiwo mabulauzi osalipiritsa.

Tsono sabata yomweyo galamafoni inayamba kulira. Amalume akamapukusa, mkatimo munkamveka kuti kwii, kwii, ngati mwana wagalu wotsekeredwa panja. Iwo anada nkhawa, nati aiona akapeza mpata, koma bwana watsopano anali ndi alendo, mpatawo sunapezeke. Ine amalume ndinkawakonda kwambiri. Ndi iwo okha amene ankandibweretsera makoko a buledi m'thumba la jekete. Ndiye ndinaganiza kuti: makina akulira, mankhwala ake ndikuwadziwa, ndidikirirenji?

Inali nyengo ya mvula, Khirisimasi itangopita, ndipo amayi anali atasunga mafuta a nkhumba m'chitini pamwamba pa kabati, oti tizikazingira masamba mpaka chimanga chitacha. Masana ena aliyense ali kuntchito, ndinamasula bokosilo ndi nsonga ya mpeni n'kukweza thabwa la pamwamba. Mkatimo munali timagudumu ta mano ndi chigubu chachitsulo chosungira sipuling'i. Ndinapaka ndi chala paliponse pamene chala chinafika. Pansi pa chitini panali tizidutswa ta nyama totsalira pokazinga, ndipo timeneto ndinatiikamonso, poganiza kuti ulendo wa ku Milonde ndi wautali, makina afunika kamba. Otsala ndinapaka kunja konse, mpaka bokosi linawala ngati chipumi cha m'busa.

Nditapukusa, kunali zii. Kulira konse kunatha. Abale anga, tsiku limenelo ndinayenda kumalaini ngati injiniya. Sindinauze munthu, chifukwa ndinkafuna ndidzaulule ukwati ukatheka, kuti anthu adzandinyamule pamapewa.

M'mawa wa tsiku la ulendo amalume anayesa kupukusa, ndipo nkhope yawo inamasuka.

"Yadzichiritsa yokha," anatero. "Chimenechi ndi chizindikiro chabwino." Kenaka ananunkhiza m'mwamba. "Achemwali, mwaphika nkhumba m'mawa muno?"

"Nkhumba uigule ndiwe?" amayi anayankha ali kuseri. "Pita, dzuwa lakwera."

Tinanyamuka atatu. Patsogolo panali agogo a Mukhova, malume wawo wa amalume, amene anali nkhoswe yathu, mkulu wampingo wovala jekete ndi tayi ngakhale popita kudimba. Pakati panali amalume ndi buluku lawo loyera. Kumbuyo kunali ine, galamafoni ili pankhata. Usiku kunagwa mvula, ndiye dzuwa la m'mawalo linali lolasa, phiri lili mbee, minda ya tiyi ikutuluka nthunzi. Tisanafike kutali ndinamva kanthu kofunda kakutsetsereka m'khosi mwanga. Posakhalitsa galu wina anayamba kutitsatira. Titadutsa mudzi wachiwiri, agalu anali atakwana mpingo.

"Mukuona, amalume?" amalume a Wedisoni anauza agogo monyadira. "Ngakhale agalu akuidziwa."

Kumudziko anatilandirira pansi pa mtengo wa mapeyala. Amuna anakhala pamipando, akazi pamphasa chapatali, ndipo mayi ake a Esinati anakhala pakhonde atapereka phewa, monga amachitira apongozi, kuyang'ana kumbali koma akuona zonse. Bokosi ndinalitula patsinde pa mtengo n'kukhala pambali pake. Nkhani zinayamba. Inu mukudziwa mmene akuluakulu amayendera pa nkhani ya ukwati: amayamba ndi mvula, n'kupita ku nandolo, n'kudzera ku maliro a chaka chatha, mbeta n'kudzaitchula dzuwa litapendeka.

Ali pa nandolo, ine ndinaona kamzere kofiirira kakuchokera ku nthochi, kakudutsa m'masamba onyowa, kakulunjika patsinde pa mtengo wathu. Linthumbu. Silinali kusochera ayi, linkayenda ngati anthu oitanidwa. Linakwera bokosi, n'kumalowa pa kabowo ka chopukusira, mzere wosaduka.

"Agogo," ndinanong'ona.

"Khala chete iwe, akulu akulankhula."

"Amalume."

Amalume anandiyang'ana ndi diso limene linanditseka pakamwa. Nthawi imeneyo mwana wodula mawu a akulu pabwalo la eni ankachititsa manyazi mtundu wonse. Ndinakhala chete mwaulemu, n'kumaonerera linthumbu likulowa, likulowabe, mpaka ndinadabwa kuti kabokosi kakang'ono chotero kakulisunga pati.

Potsiriza mwinimbumba anakhosomola. "Zonsezi tamva. Koma tisanayankhe, tatimvetseniko kabokosi kanuko, achimwene."

Panalibe tebulo, ndipo pansi panali chinyezi, ndiye amalume ananyamula galamafoni n'kuikhazika pamiyendo pawo. Anatsegula chivindikiro, anapukusa mwaulemu, anaikapo mbale imene ankaikonda kwambiri, ya magitala a anyamata a kumigodi, n'kutsitsa singano. Nyimbo inayamba bwinobwino. Mwinimbumba anatsinzina n'kumagwedeza mutu.

Koma mkatimo magudumu atayamba kuzungulira, alendo aja anakwiya. Anatulukira kunsi kwa mbale, n'kukwera pamwamba pake, ndipo mbaleyo pozungulira inkawamwaza mbali zonse ngati mayi wofesa mpunga. Woyamba kulandira anali agogo a Mukhova. Anali pakati pa mwambi, ndipo mwambiwo mpaka lero sindinaumve mathero ake. Anadzimenya pakhosi, anadzimenya pantchafu, anaimirira, n'kuliyatsa liwiro la kuseri kwa nkhokwe akumasula lamba, tayi ikuuluka paphewa. Mwinimbumba anathawira ku nthochi, kumene linthumbulo linkachokera, ndipo tinamva akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Akazi anamwazika ndi mphasa yawo. Ine ndinali kale pamwamba pa mtondo.

Pabwalo panatsala anthu awiri: amalume pampando, ndi mayi ake a Esinati pakhonde. Tsopano mayiwo sanalinso kuyang'ana kumbali. Anatembenuka kwathunthu, dzanja lili pachibwano.

Linthumbu lambiri silinauluke ndi mbale. Linatsikira pansi pa bokosi, pamiyendo pa amalume, n'kulowa m'buluku loyera lija kudzera m'matumba, m'chiuno, ndi m'malo ena amene nyuzipepala singalole kuti nditchule. Aliyense wolumidwapo akudziwa kuti mankhwala a linthumbu ndi amodzi okha: kuvula. Koma uvule pamaso pa apongozi? Ngakhale kukanda kumene pamaso pawo kunali kutukwana. Amalume anakhala chowongoka, manja atagwira bokosi mbali zonse. Thukuta linatsika. Misozi inatsika. Miyendo yawo inkanjenjemera motsatira gitala, moti wobwera kumene akanati munthuyu nyimbo yamulowa m'mafupa. Mbale imodzi sichedwa kutha, koma imene ija inaimba ngati ulaliki wa pa Pasaka.

Nyimbo itatha, ananyamula singano, anatseka chivindikiro, anaika bokosi pampando, n'kuwomba m'manja mwakachetechete.

"Ndapempha kaye njira, amayi," anatero ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa kwaya.

Anayenda. Ndikunenetsa, anayenda, phazi ndi phazi, mpaka pangodya ya nyumba. Atangokhota, tinamva mapazi ngati a ng'ombe yothawa dibi, kenaka phava mumtsinje. Buluku tinakalipeza litakoleka pa chinangwa.

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana pansi, agogo a Mukhova anayamba kupepesa. Mayi aja anawadula.

"Uyu ndimamuyesa wa magule," anauza mlongo wawo. "Inu nonse mwathawa, ndi matayi omwe. Iye wakhala mpaka nyimbo kutha, osakanda ngakhale kamodzi pamaso panga. Munthu wotere chitedze cha m'munda mwanga sichingamuopse. Muuzeni abwere ndi khasu." Kenaka analoza galamafoni. "Koma bokosi lakelo lizigona panja."

Kunyumba nkhani inali itadziwika tisanafike, chifukwa amayi anapeza chitini chili mbee, ndipo khosi langa linkanunkha umboni. Bambo anavula lamba. Amalume, atagona chagada pamphasa miyendo ili uku ndi uku, atapakidwa phulusa, anakweza dzanja.

"Alamu, musiyeni. Ameneyu ndi wanga."

Ndinakondwa, osadziwa kuti lamba akanandichitira chifundo. M'mawa mwake anandikhazika pakhonde ndi parafini m'kambale, nthenga ya nkhuku ndi kansanza. Anamasula galamafoni yonse, kachitsulo ndi kachitsulo, n'kuziyala pa thumba.

"Layisoni, unkafuna kundithandiza?"

"Eya, amalume."

"Unandifunsa?"

"Ayi."

"Galamafoni unaifunsa kuti ikufuna chiyani?"

"Siyankha, amalume."

"Ndiye ukanafunsa woidziwa. Bambo ako amathira girizi m'makina tsiku ndi tsiku, ndipo amagona kuseri kwa khoma lomweli. Yamba ndi gudumu ilo. Dzino lililonse."

Anzanga akusewera mpira wachikulunga, ine ndinkachotsa mafuta ndi mitu ya linthumbu m'mano a magudumu, madzulo ndi madzulo, mpaka zala zinasuwa. Thabwa lakunja linali litamwa mafuta, ndiye anandiphunzitsa kulipala ndi chibenthu cha botolo, pang'onopang'ono motsatira mitsempha ya mtengo, osati mopingasa. Kenaka tinasungunula kandulo m'parafini n'kulipukuta mpaka linawalanso, kuwala kopanda fungo. Bambo anabweretsa girizi weniweni m'kabokosi ka machesi, n'kundionetsa kuti pofunika ndi apa ndi apa, kuchuluka kwake ngati njere ya nandolo. Pa ukwati wa amalume galamafoni inaimba usana wonse, ndipo wopukusa ndinali ine, ngakhale kuti agogo a Mukhova anakhala kutali nayo ngati ili ndi khate.

Nditakula ndinkakonda kuwaseka amalume kuti mkazi ndinawapezera ndine, azindithokoza. Iwo ankangopinda buluku n'kundionetsa timadontho takuda m'ntchafu. "Zikomo wako ndi ameneyu," ankatero.

Amalume anatisiya kale, ndipo azakhali a Esinati anawatsatira chaka chathachi. Titapita kukasesa maliro atatha, ndinapeza galamafoni ija m'khitchini, nkhuku ikuikiramo mazira. Ana awo ankafuna kuiwaza nkhuni. Ndinaimanga pa njinga n'kubwera nayo kwathu, ndipo mkazi wanga, amake Dalitso, atangoiona anati, "Mwabweretsa mkazi wachiwiri."

Sananame kwenikweni. Miyezi yapitayi ndakhala nayo pakhonde kuposa mmene ndakhalira ndi munthu aliyense. Mbali imodzi inadyedwa ndi chiswe, ndiye ndinadula kathabwa ka mkungudza pa chitseko chakale chimene bambo anagula kwa ocheka matabwa a ku Chambe ine ndisanamere ndevu, ndipo pocheka kanatulutsa fungo ngati kadulidwa dzulo. Sanipepa ndi vanishi ndinakagula pa Chitakale, koma m'makona ndinapalabe ndi chibenthu cha botolo, pakuti zala zanga n'zimene zimadziwa. Nsalu ya pansi pa mbale ndinadula pa chipewa changa chakale. Singano sagulitsanso, ndiye mnyamata wokonza njinga anandinolera sipoko, akundifunsa ngati ndayamba using'anga. Girizi ndinakafunsa kwa makaniko, ndipo ndinafunsa kawiri. Mwa mbale zonse inatsala imodzi yokha, yomwe ija ya magitala, ili ndi mng'alu umene umagunda kuti thi, thi, ngati mtima wa nkhalamba.

Lamulungu lapitali, titabwera kutchalitchi, ndinaimaliza. Pano ndiyenera kukuuzani kuti ine ndine mwamuna wodziwa kusamala mkazi. Khirisimasi iliyonse chikwatirane ndimawagulira amake Dalitso nsapato, mwakabisira, ndipo saizi ndimangoyeza ndi maso. Amazivala popita kutchalitchi, akuyenda pang'onopang'ono ngati mkazi wa bwana, ndipo tikangotuluka amazivula n'kuzinyamula m'manja. Ndakhala ndikuuza anzanga kuti mkazi wanga ndi wosamala zinthu, safuna kuti zithe msanga.

Madzulo amenewo ndinaitana adzukulu, ndinapukusa, ndipo amalume anabwerera pakhonde panga ndi buluku lawo loyera. Ana anaseka mng'alu uja, ine ndinapukuta m'maso n'kunamizira vanishi. Kenaka ndinawapatsa phunziro, monga ndikukupatsirani inu. Ndinati: chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti mtima wabwino pawokha ndi mafuta a nkhumba. Umawalitsa, umatontholetsa kulira kwa tsiku limodzi, koma kumbuyo kwake kumabwera linthumbu, ndipo wolumidwa si iwe, ndi amene umati ukumuthandizayo. Usanathandize, funsa. Ine ndinaphunzira zimenezi ndili mwana, ndipo chiyambire sindinaiwale.

Amake Dalitso anali pamphasa akusenda nandolo. Anadikira ana apite, ine nditseke chivindikiro, tilowe m'nyumba. Akuyala bulangete, osandiyang'ana n'komwe, anati:

"Bambo a Dalitso, phunziro lanu lija ndi labwino. Khirisimasi ikubwerayi mudzandifunseko saizi. Nsapato zanu zonse zija zimandithina. Ndakhala ndikungodikira kuti nyimbo ithe, ngati amalume anu."